Chiboliboli Chopempha Madzi

Kalekale, kale lija mitengo isanadziwe nkhwangwa, kunali dambo lina lotchedwa Nankhande. Senderani kuno ana inu. Nanunso akuluakulu amene mwayamba kuwodzera, siyani khutu limodzi lotsegula, chifukwa nkhaniyi ikukhudza inuyo kuposa anawa.

Pakati pa dambolo panali dziwe losaphwa. Chilimwe chibwere, mitsinje iume gwa, dziwe la Nankhande linkakhala lodzaza tho. Ndipo panalibe nyama yosadziwa amene anakumba dziwelo. Chaka cha chilala choopsa, nyama zikugwa ndi ludzu, mfuko wamkazi dzina lake Nasiwelo analowa pansi. Anakumba, nakumba, nakumba, masiku makumi awiri, mpaka zikhadabo zinaperepeseka. Tsiku lomaliza anaboola kasupe. Madzi anatumphuka, nyama zinamwa n'kupulumuka, koma mwiniwakeyo madzi anamupeza ali m'una. Sanatulukenso.

Panapita zaka zambirimbiri. Tsiku lina Nanzeze, kambalame kaja koumba nyumba zadongo m'mapanga, anamva ana a Gwape akufunsana pa dziwe kuti, "Kodi Nasiwelo ndi mtengo wanji?" Mtima unamuwawa. Anauluka kupita ku bwalo la malamulo la nyama, lomwe linkakumana pansi pa mkuyu, wapampando wake ali a Nyani.

"Bambo wapampando," anatero Nanzeze, "ana akuiwala. Tiikeni lamulo loti tiumbe chiboliboli cha Nasiwelo pambali pa dziwe. Kuumba ndiumba ndine. Ndi ntchito ya masiku awiri basi."

Nanzeze ankaganiza kuti dzuwa lisanafike pamutu nkhani ikhala itatha. Ha! Akanadziwa akanamanga mlomo wake ndi luzi.

Tsiku loyamba aphungu anakangana za dzina. Ena amati chiboliboli, ena amati chipilala, a Nkhanga amati chifanizo, ndipo anabwereza mawu omwewo kokwana makumi atatu. Tsiku lachiwiri anakangana za amene akhale pamthunzi pokambirana nkhaniyo. Tsiku lachitatu a Nyani anasankha komiti. Komitiyo inakumana n'kusankha komiti ina yoona ngati komiti yoyambayo inasankhidwa bwino. Mvula inagwa, mvula inakata, chimanga chinacha, Nanzeze akungopita ku mkuyu m'mawa uliwonse n'kubwerako mutu ukuwawa.

"Dothi lilipo, madzi alipo, mlomo ndili nawo," ankadandaula yekha. "Nanga chikuvuta n'chiyani, abale?"

Kenaka nkhaniyi inafika m'makutu mwa a Mvuu.

A Mvuu anali chimunthu chachikulu, chodya mosaona kuti wina sanadye. Akalowa m'dimba la mnzawo, m'mawa mwini dimba ankangopeza mapazi okhaokha. Ku bwalo sankabwerako kawirikawiri, koma tsiku limenelo anafika molawirira, di! di! di! Anakhala pakati penipeni pa mthunzi, anzawo onse n'kutsalira padzuwa.

"Ndamva kuti mukufuna kulemekeza amene anakumba dziwe," anatero a Mvuu. "Mwachita bwino. Banja lathu lakhala likudikira. Anakumba dziwe lija ndi agogo anga, a Chiphwanya."



Nanzeze anadumpha pa nthambi. "Chiphwanya wake uti? Dziwe anakumba Nasiwelo. Ndi mwana yemwe akudziwa... ndiye kuti, akuluakulu onse akudziwa!"

"Iwe kambalame," anayankha a Mvuu, "uli ndi maso? Taona kukula kwa dziwe. Ndiye utaone kukula kwa mfuko. Tizikhadabo timeneto tingakumbe chidziwe chonsecho? Ngati nthano za ana!"

Pamenepo panali mdzukulu wa Nasiwelo, nkhalamba yotchedwa Mfuko, yamaso ofooka ndi mawu otsika. Anatulutsa mutu pa una wake nayamba kufotokoza pang'onopang'ono kuti agogo ake anaboola kasupe, dziwelo linakula pambuyo pake.

"Kwezani mawu, a Mfuko, sitikumva," anatero a Nyani.

Mfuko anakweza mawu. Nthawi yomweyo a Mvuu anayasamula, kukamwa yasa, mano onse poyera, lililonse ngati mpini wa khasu. Anangoyasamula basi. Aphungu anayang'ana manowo, nayang'anana, ndipo a Nyani anati nthawi yatha, adzavota mawa.

Madzulo a tsiku limenelo a Mvuu anaitana aphungu onse kunyumba kwawo. Kunali maungu, mizimbe, mbatata, zimanga zaziwisi, milu ndi milu. Aphungu anadya mpaka mimba zinati ndi. A Njiri anazindikira dzungu lina kuti lachokera m'dimba mwawo momwe, koma anangolidya n'kuthokoza. M'mawa mwake atavota, a Chiphwanya anapambana. Okana anali awiri okha, Nanzeze ndi Mfuko, ndipo dzanja la Mfuko sanaliwerenge n'komwe chifukwa linabisika ndi udzu.

Lamulo lomwe linakanika miyezi isanu ndi umodzi linatha tsiku limodzi, a Mvuu akutchula, a Nyani akuvomera. Linali ndi ndime zitatu. Ndime yoyamba: Nanzeze aumbe chiboliboli cha a Chiphwanya, chachikulu ngati mwiniwake, ndipo chionetsedwe pakatha masiku asanu ndi awiri, akalephera, achoke m'dambo. Ndime yachiwiri: pa tsiku loonetsa, komanso nthawi iliyonse yokolola, banja lililonse lizibweretsa chakudya pamapazi a chiboliboli, ndipo osunga chakudyacho, ndi dziwe lomwe, akhale a banja la a Chiphwanya, nyama zing'onozing'ono zizimwa a banjalo akatha kusamba.

"Ndime yachitatu," anatero a Mvuu, diso lili pa a Njiri omwe ankakonda kudzikanda pa chilichonse choima. "Aliyense wokhudza, wokanda kapena woswa chiboliboli, achoke m'dambo lino, iye ndi ana ake, osadzabweranso. Aliyense! Kaya ndi wamkulu, kaya ndi wamng'ono."

"Aliyense," anavomera a Nyani, namenya ndodo pansi.

Nanzeze anauluka osatsanzika. Nkhani anayambitsa yekha, pofuna kuti ana akumbukire Nasiwelo. Lero Nasiwelo wafufutidwa ndi lamulo, ana ake omwe a Nanzeze azimwa matope otsala a Mvuu akasamba, ndipo woumba bodzalo akhale iyeyo ndi mlomo wake womwe!

Komabe lamulo linali litaikidwa. Anaitana abale ake onse, ananzeze mazana awiri, nayamba kututa dongo. Uyu kadontho, uyu kadontho, uyu kadontho. Anatuta tsiku loyamba, anatuta lachiwiri, anatuta lachitatu. Pofika tsiku lachinayi anali ataumba chala chimodzi cha phazi lakumanzere.

A Mvuu anabwera kudzayendera ntchito. Anali atangochoka kogubuduka m'matope, thupi lonse lili mbuu.

"Agogo anga ali kuti?" anafunsa.

"Si awa," anatero Nanzeze, akuloza chala chija.

"Ichi? Ichi n'chiyani?"

"Chala, a Mvuu. Mukaleza mtima, chaka chamawa tifika pa bondo. Mutu adzaumba adzukulu anga."

A Mvuu anafwenthera mokwiya, fuuu! "Masiku atsala atatu! Nyama zakonza kale madengu a chakudya. Popanda chiboliboli chakudyacho achiika pati? Ukufuna ndigone ndi njala chifukwa cha ulesi wako?"

Nanzeze anati ayankhe mwachipongwe, koma maso ake anagwera pamsana pa a Mvuu. Matope aja anali atayamba kuuma ndi dzuwa, atagwira thupi bwinobwino, khwinya lililonse likuoneka. Anayang'ana kamphindi. Kenaka anatsitsa mawu, nawafewetsa ngati uchi.

"A Mvuu, pepani, ndifunseko. Agogo anuwo ankaoneka bwanji? Ine sindinawaonepo."

"Ankaoneka ngati ine ndendende. Mphuno iyi ndi yawo. Chifuwa ichi ndi chawo."

"Ndiye... ayi, ndisanene. Mungandikalipire."

"Nena!"

Nanzeze anatera pa khutu la a Mvuu nanong'oneza. "Bwanji tsiku loonetsalo chiboliboli mukhale inuyo? Tikumateni dongo pang'ono chabe, muime pa dziwe tsiku limodzi lokha. Nyama ziunjike chakudya pamapazi anu. Zikabalalika madzulo, inu mudzigwedeze, dongo ligwe, mudye nokha popanda wopempha. Chenichenicho tiziumba pang'onopang'ono kuseri. Adziwa ndani?"

A Mvuu anaganiza za maungu. Anaganiza za mizimbe. Anaganizanso za abale awo a banja la a Chiphwanya, omwe akanafuna kugawiridwa. Malovu anayamba kuchucha.

"Abale anga asamve," anatero.

"Sakamva kwa ine."

"Iwe kambalame, kamutu kakoka kali ndi nzeru pang'ono."

"Pang'ono pokha, bwana," anatero Nanzeze.

Tsiku loonetsa, kunja kukungoyera, a Mvuu anafika pa mtapo, pamene pankapezeka dongo loumbira mbiya, lomata kwambiri lija. Nanzeze anali atalisakaniza ndi dothi la pachulu. Anawauza kuti agubuduke. Anagubuduka, phwatha! Anawauza kuti aime liume pang'ono, agubudukenso. Anagubudukanso. Kachitatu a Mvuu anayamba kudandaula.

"Unati pang'ono chabe."

"Kumanzere kukuoneka ubweya, bwana. Mukufuna a Nyani akuzindikireni?"

Anagubuduka kachinayi. Kenaka anayenda movutikira mpaka pambali pa dziwe, pamalo opanda mtengo ngakhale umodzi, naima mutu uli m'mwamba monyada. Ananzeze mazana awiri anatera pa iwo. Anamata m'khwapa, anamata m'mawondo, anamata pakhosi, anasalaza msana mpaka unati see. Kukamwa anakumatanso, n'kusiya kampata kakang'ono. Anasiyanso timabowo tiwiri ta mphuno ndi tiwiri ta maso. Pomaliza anafunditsa zonse ndi masamba a nthochi.

"Musagwedezeke mpaka madzulo," ananong'oneza Nanzeze.

"Mmm," anayankha a Mvuu.

Dzuwa litatuluka nyama zinayamba kufika, madengu ali pamutu. A Nyani anachotsa masamba aja nati, "Nachi chiboliboli cha a Chiphwanya!" Khamu lonse linangoti, "Haaa!"

"Ngati wamoyo!" anafuula a Nkhanga. "Ngati wamoyo! Ngati wamoyo!"

"Mayi Nanzeze, manja anu ndi odala," anatero a Nyani. "Koma nanga mdzukulu wawo, a Mvuu, ali kuti?"

"Ali pafupi kwambiri, bambo wapampando. Anati tiyambe, zonse azimva."

Chakudya chinaunjikidwa pamapazi a chiboliboli. Maungu, mavwende, mizimbe, nthochi zakupsa, mulu unakwera mpaka pansi pa mphuno. Fungo linkalowa m'timabowo tija. M'kati mwa dongo mimba inalira, gudugudugudu!

Ana a Gwape anathawira kumbuyo kwa amayi awo.

"Musaope," anatero a Nyani. "Mzimu wa a Chiphwanya wakondwa."

Kenaka zolankhula zinayamba. Ana inu, simunaone aphungu atapeza khamu lowamvera. A Nyani analankhula kuyambira pa kubadwa kwawo. Atatha anaitana wapampando wa komiti yoyamba. Iyeyo atatha anaitana wa komiti yachiwiri, yemwe anatsutsa zonse zimene ananena woyambayo. A Nkhanga anapatsidwa mpata woti athokoze mwachidule, ndipo anathokoza aliyense potchula dzina, ndi ana omwe. Masiku onse Nanzeze zolankhula zoterezi zinkamudwalitsa mutu. Tsiku limeneli wina akati akhale pansi, iye ankafuula kuti, "Onjezani, akuluakulu, mwasiya zambiri!"

Dzuwa linakwera. Linali dzuwa la chilimwe, loswa mtengo. Dongo lija linauma, linalimba, linayamba kutentha ngati mbiya ili pamoto. Khwangwala wina anatera pamutu pa chiboliboli nasiyapo zake zoyera. Thukuta linkayenderera m'kati, poyabwa osakandika. A Mvuu anati, basi, chakudya chikhale, ndithawire m'madzi. Anayesa kunyamula mwendo. Mwendo nji! Anayesa khosi. Khosi nji! Anayesa kudzigwedeza monga anapangana. Ngakhale kamchira sikanasunthe.

A Njiri anali pakati pa mawu awo pamene panamveka kamawu kochokera pa kampata kaja.

"Madziii..."

A Njiri anaima. "Ndani akundidula mawu?"

"Madzi, abale... ndikupsa..."

Nyama zinabalalika, balala! Madengu anagubuduka, a Nkhanga anakwera mumtengo womwe unali kutali, a Nyani anataya ndodo. Nanzeze yekha ndiye anatsala, atatera pa dzungu, akukonza nthenga zake.

"Bwererani!" chinalira chiboliboli. "Ndine Mvuu! Ndili m'kati muno! Ndiswereni dongoli!"

Zinabwerera pang'onopang'ono. A Nyani anasuzumira pa kabowo ka diso, naona diso lofiira likuphethira.

"A Mvuu! Mukutani m'kati mwa agogo anu?"

"Ndifotokoza bwino. Iswani kaye! A Njati, nyanga zanuzo!"

A Njati anaweramitsa mutu kuti agunde. Nanzeze anauluka n'kutera pa nyanga yawo.

"A Njati, muli ndi ana angati?"

"Anayi. Bwanji?"

"Mwawapezera kale dambo lina? Ndime yachitatu ikuti aliyense wokhudza, wokanda kapena woswa chiboliboli achoke, iye ndi ana ake."

A Njati anabwerera m'mbuyo msangamsanga.

"Ichi si chiboliboli!" anakuwa a Mvuu. "Ndine!"

"Bambo wapampando," anatero Nanzeze, "m'mawa uno munachotsa masamba pamaso pa dambo lonse. Munati chimenechi n'chiyani?"

A Nyani anakanda kumutu. "Ndinati chiboliboli cha a Chiphwanya."

"Ndiye ngati wapampando wanena, ine kambalame ndingatsutse?"

"Chabwino, ndiswa ndekha!" anatero a Mvuu, akudzikoka ndi mphamvu zonse. Dongo silinachite ngakhale kamng'alu.

"Yesetsani, bwana," anatero Nanzeze. "Koma mukaswa, muyambiretu kutsanzika. Munanena nokha kuti aliyense, kaya ndi wamkulu."

"Nditsireniko madzi okha!"

"Madzi asungunula dongo. Kumeneko n'kuswa komwe."

A Mvuu anayamba kulira, misozi ikutuluka pa timabowo n'kuuma isanafike patsaya. Nyama zina zinamva chisoni. Zina zinakumbukira madimba awo ndipo chisonicho chinachepa.

"Sinthani lamulo!" anapempha. "Chonde, a Nyani, sinthani lamulo!"

A Nyani anatola ndodo yawo nakhosomola. "Kusintha lamulo si nkhani yamasewera. Pafunika komiti yoti ione..."

"Komiti ayi!" anakuwa a Mvuu. "Ndifa ine!"

Apa ndiye Nanzeze anaseka koyamba m'miyezi isanu ndi umodzi.

"Njira yachidule ilipo, bambo wapampando," anatero. "Lamuloli likuteteza chiboliboli cha amene anakumba dziwe. Ngati a Chiphwanya anakumbadi, chiboliboli chawo chikhale mpaka kalekale, ndi zonse zili m'katimo. Koma zitapezeka kuti sanakumbe ndi iwo, ndiye kuti ichi ndi chimulu cha dothi wamba. Aliyense atha kuchiswa. Tiwafunse a Mvuu, ndiwo akudziwa mbiri ya banja lawo."

Nyama zonse zinatembenukira ku chiboliboli. Fungo la nthochi linali likadali pamphuno, ndipo a Mvuu anaganiza za zokolola za chaka chino, za chaka chamawa, za zaka zonse. Anati apirire. Koma dzuwa linali litafika paliwombo, dongo likuchita kununkha ngati njerwa zowotcha.

"Mwina... mwina anathandizana ndi Nasiwelo," anatero.

"Ndiye kuti anakumba nawo," anayankha Nanzeze. "Chikhale. A Njiri, pitirizani mawu anu aja, munali musanamalize."

A Njiri anakonza pakhosi. "Monga ndimanena, chaka chimene ndinakwatira..."

"Sanakumbe!" anafuula a Mvuu. "Sanakumbe ngakhale pang'ono!"

"Kwezani mawu, a Mvuu, sitikumva," anatero Mfuko ali pa una wake. Aka kanali koyamba dambo lonse kumumva bwinobwino.

"Agogo anga sanakumbe! Nthawi ya chilala anathawira kuchigwa. Anabwera madzi atatuluka kale, n'kugonamo. Ankagubuduka tsiku ndi tsiku, ndiye dziwe linakula. Anakumba ndi Nasiwelo! Nasiwelo! Ndiswereni, abale anga, ndapota nanu!"

Aphungu aja anadya maungu anayamba kuyang'ana pansi. A Njiri anati iwo ankakayika kuyambira pachiyambi. A Nkhanga anati nawonso, nawonso, nawonso. A Nyani anafunsa ofuna kuti lamulo lifafanizidwe, ndipo manja, mapiko ndi ziboda zinakwera nthawi imodzi. Anafunsanso ofuna chiboliboli cha Nasiwelo, chopanda chakudya pamapazi, chopanda mwini dziwe. Zinakweranso. Nanzeze ananyamula yekha udzu umene unkabisa dzanja la Mfuko kuti liwerengedwe.

Ndodo itagunda pansi, a Njati anabwerera m'mbuyo mapazi khumi, nathamanga. Khoo! Dongo linang'aluka kuchokera pamutu mpaka kumchira, n'kugwa zibenthuzibenthu. Koma ana inu, dongo louma siligwa lokha. Nthawi imeneyo a Mvuu anali ndi ubweya wokongola, wakuda bii, wonyezimira. Ubweya wonsewo unapita ndi dongo, thothothotho! A Mvuu anatsala ali psii, osalala ngati mwana wa mbewa wongobadwa kumene, khungu litapsa n'kufiira.

Ana a Gwape ndiwo anayamba kuseka. Kenaka dambo lonse. A Mvuu sanayang'ane ngakhale dzungu limodzi. Analiyatsa liwiro, di! di! di! kudutsa dziwe, kudutsa dambo, mpaka kumtsinje waukulu wa kuchigwa, nadziponya m'madzi, chubwi!

Chakudya chija nyama zinagawana pomwepo, aliyense n'kudya mpaka kukhuta.

M'mawa mwake Nanzeze anayamba ntchito. Sanaitane abale ake. Anakhala ndi Mfuko pambali pa dziwe, nkhalambayo ikumuuza zomwe inamva kwa amayi ake: kuti Nasiwelo anali wamfupi, wamapewa otambalala, khutu lakumanja long'ambika. Nanzeze anaumba mapewa, anaumba khutu. Atafika pa manja anafunsa kuti zikhadabo aziumbe zazitali bwanji.

"Usaumbe zikhadabo," anatero Mfuko. "Anazisiya pansi."

Tsiku lachiwiri madzulo ntchito inatha. Chiboliboli chake chinali chaching'ono, chosaposa dzungu. Mfuko anasendera pafupi, poti maso ake sankaona bwino, nachisisita ndi manja kuyambira kumutu. Atafika pa timanja topanda zikhadabo tija anaima nthawi yaitali.

"Ndi iwowa," anatero.

Zolankhula panalibe tsiku limenelo. A Nyani anafika ndi mawu awo atakonza, koma anapeza ana atazungulira kale Mfuko, akumufunsa kuti pansi pamakhala mdima wotani, ndipo panalibe amene anatembenuka.

A Mvuu ubweya sunamerenso mpaka lero. N'chifukwa chake usana amabisala m'madzi, kungotulutsa timaso ndi timakutu, kuopa dzuwa ndi kuopa kusekedwa. Mukadzapita kumtsinje mudzaone: nanzeze akangodutsa pamwamba pa madzi, mvuu imamira msanga, poganiza kuti kwabweranso dongo.

Nthano yanga yauma pamenepa, wofuna yaitali akaumbe yake. Koma inu akuluakulu amene mumakhala m'mabwalo, tamverani. Wina akadzalimbikira kuti agogo ake muwaumbire chiboliboli chachikulu, musanatule madengu anu, yambani mwachigogoda kaye. Mwina m'katimo muli mdzukulu wanjala.